Jildou Weniweni Sanalire

Sewero lija litayamba kuonetsedwa pa kanema Lamulungu madzulo, anthu a m'tauni ya Skarsum anadzuka Lolemba n'kupeza kuti onse anali anthu abwino kuyambira kalekale.

Wietske Bruinsma anazimva zimenezi ali chiimire, sizasi ili m'manja, mu saluni yake yoyang'anizana ndi ngalande. Makasitomala ankalowa, kukoloweka majasi, kukhala pampando, kenako kudziyang'ana pagalasi mwachisoni n'kunena kuti sanagone. Tauni yonse sinagone. Wina analira mpaka mwamuna wake anadzuka kukamuwiritsira tiyi. Wina anazimitsa kanemayo pakati poti mtima unalephera kupirira, koma anayatsanso msanga kuopa kuphonya zotsatira. Ndipo aliyense ankatsiriza ndi mawu amodzimodzi, akuti iye ankadziwa kuyambira pachiyambi kuti Harmen Sikkema anali chilombo. Maso ake aja. Kasekedwe kake kaja.

Wietske ankangoti “eya” n'kumapitiriza kudula tsitsi.

Nkhani ya m'seweromo inali ya mng'ono wake, Jildou. Zaka zambiri zapitazo, Jildou atangoyamba koleji, ankathamanga pa ayezi mu timu ya tauniyo, ndipo Harmen Sikkema, kochi wawo, anamugwirira m'kachipinda kosungiramo zipangizo. Jildou anakanena kupolisi. Apolisi a m'tauniyo anamufunsa chomwe anavala, anamufunsa ngati anali atamwa, anamufunsanso chifukwa chomwe anapitiranso kumasewero mawa lake ngati zinalidi zoona. Atatopa kufunsa, mlandu anautseka. Harmen anali munthu amene anabweretsera Skarsum zikho zonse zimene zimanyezimira m'kabati ya ku kalabu ya timuyo, ndiye mlandu utatsekedwa kalabuyo inamukonzera phwando, anyamata n'kumunyamula pamapewa. Jildou ankati akalowa mu bekale anthu ankasiya kuyankhula. Chaka chisanathe analongedza zake n'kupita ku Groningen.

Patapita zaka, wapolisi wina wamkazi wochokera kumzinda, akufufuza dandaulo la mtsikana wina, anafukula mlandu wa Jildou, napezanso amayi ena amene anakhala chete ataona zimene zinamuchitikira woyambayo. Harmen anapita kundende. Nthawi imeneyo palibe anabwera ku saluni kudzanena kuti ankadziwa. Ena anayamba kukakonzetsa tsitsi ku tauni yoyandikana nayo, ngati kuti Wietske ndi amene anawalanda kochi.

Koma tsopano nkhaniyo inali pa kanema, ndi nyimbo zolasa mtima, ndipo pa kanema chilichonse chimamveka bwino. Olemba sewerolo anamusintha dzina Jildou n'kumutcha Noor. Noor anali wochepa thupi, wa maso aakulu, wodziwa kulira mwaulemu. Ankaima pawindo mvula ikugwa, msozi umodzi n'kutsika pang'onopang'ono osawononga nkhope. Wietske ankakumbukira Jildou wa masiku amenewo, amene ankatukwana, kumenyetsa zitseko, ndipo tsiku lina anaponya nsapato zake zothamangira pa ayezi mu ngalande. Pawindo sanaimepo. Naye Wietske, amene anamuperekeza kupolisi ulendo uliwonse, m'seweromo munalibe. Anamusandutsa mchimwene, wamtali, wa ndevu zosamalidwa bwino, wokonda kumenya khoma ndi chibakera akakwiya. Alendo amene anayamba kubwera kudzajambula tauniyo ankasuzumira mu saluni n'kufunsa ngati mchimwene ujayo anakwatira.

Gawo lachiwiri litaonetsedwa, Skarsum inapsa mtima, ndipo mkwiyowo unali weniweni. Mlatho umene Noor ankawolokapo panjinga sunali wawo. Anthu a kanema anakajambula mlatho wa tauni ina, komanso tauni yake yomwe ija imene amalimbana nayo pa mpikisano chaka chilichonse. Nkhaniyi inakambidwa mu bekale, ku banki, ngakhale pabwalo la tchalitchi. Mkulu wina analembera nyuzipepala kudandaula kuti mbiri yawo yabedwa masanasana. Azibambo ku bala ankati akanakhalapo iwo nthawi imeneyo, Harmen akanatolera mano ake pansi. Wokweza mawu kwambiri anali Sjoerd wokonza njinga, amene tsiku la phwando lija anagwira mwendo wakumanja wa Harmen.

Jasi lobiriwira limene wapolisi wamkazi ankavala m'seweromo linatha m'masitolo. Lachinayi pamsika unkangoona apolisi ofufuza milandu okhaokha akusankha tchizi.

Ndiye panali nkhani ya tiyi. M'gawo lachitatu, mayi wina woyandikana nawo nyumba anamuitana Noor m'khitchini mwake, kumupatsa tiyi, kumugwira dzanja n'kumuuza kuti akumukhulupirira. Amayi atatu osiyana anabwera mu saluni sabata imeneyo, aliyense n'kunong'oneza Wietske kuti mayi wa tiyi ujayo ndi iyeyo, kungoti sakonda kudzitama. Awiri mwa iwo anakumanizana tsiku limodzi, ndipo anatuluka osayankhulana. Wietske ankadziwa kuti tiyiyo anawiritsidwa m'mutu mwa wolemba sewero, mwina poopa kuti owonera angathawe akapanda kuona munthu wachifundo ngakhale mmodzi. Koma ntchito yake inali ya tsitsi.

Mmodzi wa amayi a tiyiwo anali Mayi Aukje Veenstra, wapampando wa komiti ya zochitika m'tauniyo, yemweyo amene anaphika keke ya maapozi pa phwando la Harmen. Tsiku lina anabwera atavala jasi lobiriwira, ndipo asanakhale pansi anayamba kufotokoza. Anali atayankhulana ndi anthu a kanema. Gawo lomaliza lidzaonetsedwa mu holo ya tauniyo Loweruka masana, dziko lonse lisanaone. Ameya adzayankhula. Mtsikana amene amasewera Noor abwera yekha ndi miyendo yake.

“Ndiye taganiza kuti naye Jildou abwere,” anatero Mayi Veenstra, dzanja lili pachifuwa. “Tauni ino ikufunika kuchira, Wietske.”

“Yadwala chiyani, Mayi Veenstra?”

“Iwenso usamatero. Tonse tinavutika ndi nkhani imeneyi. Ukamuuze kuti Skarsum yamutambasulira manja. Asaope chilichonse, tidzamusamala. Akafuna kulira, adzalire, palibe adzamuseke.”

Wietske anawaveka nsalu m'khosi, n'kuimanga mothina pang'ono kuposa masiku onse.

Anamuimbira Jildou masana, nthawi yopuma. Jildou anali dalaiva wa basi ku Groningen, ndipo ankamveka kuti akutafuna. Sewerolo sanaonere ngakhale gawo limodzi. Anthu a kanema atabwera kudzamupempha chilolezo anawauza kuti achite zimene akufuna bola asinthe dzina, ndipo anthu okhawo amene ankamudetsa nkhawa anali amayi anzake a pamlandu paja, amene nawonso anavomera. Koma nkhope ya Noor ankaidziwa bwino, poti chithunzi chotsatsa sewerolo anachimata m'mbali mwa basi yake yomwe. Tsiku lililonse ankayendetsa chisoni chake kuchokera ku siteshoni kukafika kuchipatala n'kubwerera, anthu akukwera ndi kutsika.

Atamva za kuchira kwa tauni anaseka mpaka kutsamwa.

“Kudzakhala chakudya?”

“Keke ndi khofi. Ukuwadziwa.”

“Ukawauze kuti ndiganizira.”

“Ubweradi, iwe?”

“Ndati ndiganizira, achemwali. Komanso tsitsi langali lafika poipa, ukuyenera kulionapo.”

Wietske anakapereka yankholo momwe linalili. Mayi Veenstra anagwedeza mutu mwachifundo n'kunena kuti akumvetsa, mabala otere sapola msanga. Pofika madzulo tauni yonse inali itadziwa kuti Jildou sabwera chifukwa sangathe kupirira, ndipo anthu anakhutira nazo kwambiri. Zinkagwirizana ndi za pa kanema.

Loweruka Jildou anafika pa sitima ya masana, atachokera kuntchito, jekete la kampani ya mabasi lili m'thupi. Anali atanenepa, tsitsi lili ndi imvi, mapewa otambalala ngati a bambo awo. Wietske anamuyepula tsitsi mofulumira, kenako anayenda limodzi kupita ku holo. Panjira anadutsana ndi anthu amene anaphunzira naye kalasi imodzi. Onse anapereka moni kwa Wietske, ena n'kumusisita pamkono kuti alimbe mtima. Mayi wonenepa wa pambali pakeyo palibe anamuyang'ana kawiri.

Pakhomo la holo panali chikhamu. Mtsikana wosewera Noor anali ataima pakati, akumwetulira motopa, anthu akusinthana kujambulitsa naye. Amayi achikulire ankamugwira masaya n'kumuuza kuti ndi wolimba mtima, kuti apirire, kuti zonse zinapita. Mtsikanayo ankayesa kufotokoza kuti iye ndi wazisudzo chabe, koma palibe ankamvetsera. Sjoerd anamuuza kuti akadzavutitsidwanso ndi munthu aliyense angomuimbira foni.

Mayi Veenstra anatulukira m'chikhamumo, naona jekete la Jildou.

“Adalaiva, ndinu mwabwera ndi anthu a kanemawa? Galimoto yanu yatseka malo oimika njinga. Koma musanapite, tatijambulani kaye ndi Noor.”

Anamupatsira foni m'manja. Jildou anailandira, anabwerera m'mbuyo pang'ono, anawauza kuti ayandikirane, Mayi Veenstra akweze chibwano. Anajambula kangapo kuti asankhepo. Wietske anayang'ana kudenga, akuluma mlomo.

Anakhala kumbuyo kwenikweni. Kutsogolo, pafupi ndi mpando wa ameya, kunali mpando wopanda munthu, pamwamba pake pataikidwa maluwa oyera. Magetsi anazima ndipo gawo lomaliza linayamba. Harmen wa pa kanema anali ndi nkhope yoti ngakhale galu akanaithawa, pamene Harmen weniweni anali munthu wansangala, wodziwa mayina a ana a aliyense. Khoti linagamula, nyimbo inakwera, Noor anatuluka panja dzuwa n'kumuwalira kumaso. Holo yonse inali fwifwi kumina. Wietske anamuyang'ana mng'ono wake m'mbali. Jildou ankaonera manja atapinda, nkhope ili phee. Pamalo amodzi pokha, pamene anaonetsa chitseko cha kachipinda kaja chikutsekeka, anagwira bondo la Wietske n'kulifinya mpaka kupweteka. Kenako analisiya.

Magetsi atayaka, ameya anakwera pansanja. Anali munthu wachilendo m'tauniyo, wodziwa kuyankhula. Anati Skarsum yadziyang'ana pagalasi ndipo yaphunzira. Anathokoza anthu a kanema, ngakhale anaseka pang'ono za mlatho, holo n'kuwomba m'manja. Kenako anatsitsa mawu, naloza mpando wa maluwa uja. Anati pali munthu mmodzi amene sanathe kukhala nawo lero chifukwa mtima wake ukadali wosweka, koma mpando wake ulipo, ndipo udzakhala ukumudikira.

Jildou anaimirira. Anayenda pakati pa mipando osafulumira, nsapato zake za kuntchito zikulira pansi. Mayi wina ananong'ona kuti adalaivawa sakuona kodi kuti mwambo uli m'kati. Atafika kutsogolo ananyamula maluwa aja, anawaika pansi bwinobwino, n'kukhala pampandopo.

Munthu woyamba kuzindikira anali mtsikana wazisudzo uja. Anagwira pakamwa, magazi n'kumuthawa kumaso, kenako anaimirira n'kumupatsa dzanja, akunong'ona kuti pepani, palibe anamuuza kuti abwera. Jildou anamuuza kuti asadandaule, wagwira ntchito yabwino. Apo m'pamene dzina linayamba kuyenda m'mipando kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Ena anayesa kuwomba m'manja, koma zinafera m'njira. Ameya, posowa chochita ndi chimkuzamawu, anamupatsira.

Jildou sanaimirire n'komwe. Anati sewerolo ndi labwino, makamaka nyimbo zake. Anati wamva kuti pali mkangano wa tiyi, ndiye kuti anthu asadane pachabe, akufuna awathandize: tiyi sanamwe kwa aliyense. Amene anamugwira dzanja anali Wietske, yemwe alibe ndevu.

“Koma keke ndiye ndinamva kuti inali yokoma,” anatero. “Ya maapozi, eti Mayi Veenstra? Ine sindinaitanidwe.”

Jildou anapitiriza ndi mawu omwewo oyendetsera basi, olengezera poima. Anati sanabwere kudzakhululukira munthu kapena kudzakwiyira munthu, zimenezo anatopa nazo kale. Anangofuna kufunsa chinthu chimodzi. Mtsikana wa mu timu lero, zitamuchitikira, angakauze ndani ku kalabu kuja amene si mnzake wa kochi, si mlamu wa kochi, samwa mowa ndi kochi? Anadikira. Wapampando wa kalabu anayamba kufunafuna kanthu m'thumba la jasi. Ameya anati limenelo ndi funso lofunika kwambiri ndipo akhazikitsa komiti.

“Chabwino,” anatero Jildou, n'kubweza chimkuzamawu. “Khofi ali kuti?”

Anadya magawo awiri a keke ali chiimire, akucheza ndi mtsikana wazisudzo za kuvuta kwa malo oimika magalimoto ku Groningen. Anthu ankamuzungulira patali, makapu ali m'manja. Owerengeka anabwera kudzamupatsa moni, akusowa poyang'ana. Mayi wina wachikulire, amene Wietske sanamumvepo akudzitama ndi chilichonse, anangomuuza kuti, “Ndinakhala chete, mwanawe, ndipo ndinalakwa,” n'kuchoka asanayankhidwe. Sjoerd anatulukira khomo lakumbuyo.

Wietske anamuperekeza Jildou ku siteshoni. Sitima ili pafupi kufika Jildou anatsamira phewa la mkulu wake kanthawi. Kenako anadandaula kuti tsitsi lamudula kwambiri kumbuyo, n'kukwera.

Lolemba Skarsum inadzuka itakhumudwa. Mu bekale ankati mkazi ujayo ndi wouma mtima. Sanagwetse msozi ngakhale umodzi, pamene anthu anamukonzera maluwa. Ku bala ankati wanenepa kwambiri kwa munthu amene akuti anavutika. Wina anati munthu wosweka mtima sadya keke choncho. Pofika pakati pa sabata mawu akale aja anali atayamba kutuluka m'mauna mwawo: nkhani iliyonse ili ndi mbali ziwiri, khoti nalo ndi anthu, Harmen anali ndi zolakwa zake koma ana ankamukonda. Za Noor zokha ndiye palibe ankakayika. Noor ankaonekeratu kuti akunena zoona.

Mayi Veenstra anabwera Lachisanu monga mwa nthawi zonse, jasi lobiriwira atalisiya kunyumba. Wietske anawatsuka m'mutu, anayamba kudula mbali yakumanzere. Posakhalitsa mayiwo anatsegula pakamwa. Anati sakusunga chakukhosi, koma zimene anachita Jildou zinali zochititsa manyazi pamaso pa alendo. Munthu ukamuchitira ulemu amayenera kuthokoza.

“Ndipo ndikuuze zoona, Wietske, poti ndiwe mwana wanga. Nditamuona mmene amadyera muja, ndinayamba kudzifunsa ngati zonse zija zinachitikadi momwe amanenera.”

Wietske anaika sizasi pathebulo. Anamasula nsalu ya m'khosi, anaikutumula, anaipinda. Anakatenga jasi la mayiwo pa chokolowekera n'kuwatambasulira kuti alowetse manja.

“Mbali inayo akakumalizireni kwina, Mayi Veenstra.”

“Wapenga kodi? Ndituluke chonchi?”

“Nkhani iliyonse ili ndi mbali ziwiri. Mutu wanunso.”

Mayi Veenstra anapalasa njinga kudutsa msika wonse tsitsi lili lonyowa, mbali imodzi lalifupi, inayo likuuluka ndi mphepo. Makasitomala ena anasamukiranso ku tauni ya mlatho wobedwa ija. Wietske anali atazolowera. Masana opanda anthu ankakhala pampando wa makasitomala, miyendo atasanjika, akuwerenga magazini ake omwe.

Komiti ya ameya inakhazikitsidwadi, ndipo wapampando wake anali Mayi Veenstra, atavala chipewa. Inakumana kangapo, khofi ndi mabisiketi zilipo. Funso la Jildou analiona kuti ndi lovuta, lofunika akatswiri, ndiye analiika pambali kaye. Chimene anagwirizana onse mosavuta chinali benchi. Anaiika m'mbali mwa ngalande, pamalo ooneka bwino pachithunzi, n'kukhomapo kachitsulo konyezimira. Panali kukambirana pang'ono za dzina loti alembepo. Ena anati kulemba dzina lenileni kungakhale kumulowerera munthu m'moyo wake, ena anati mwiniwakeyo sanasonyeze kuyamikira. Pamapeto pake analembapo kuti: Kwa Noor, amene Skarsum inamukhulupirira.

Wietske anaijambula n'kumutumizira mng'ono wake. Jildou anaimba nthawi yopuma, akutafuna, n'kufunsa ngati benchiyo ili ndi potsamira. Atamva kuti ilibe, anati ndiye asamuyembekezere.